Makilo Atatu a ku Kapiri

Funso limene ulendo wa ku Chipata unandisiyira ndi ili: munthu akanena maganizo ake pa mkangano wongotayitsa nthawi, wina n'kuwatenga maganizowo kukawayesa pa thupi lake, kodi wolankhula uja ali ndi gawo lanji pa zotsatira zake? Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina pafupi ndi pa Boma ku Mchinji, ndipo tsiku ndi tsiku ndimaphunzitsa ana kuti chinthu chilichonse chili ndi muyezo wake. Funso ili lokha ndalephera kulipezera muyezo.

Mlamu wanga Yelemiya, mwamuna wa mlongo wanga Esinati, ndi mlimi wa mtedza ndi soya kwa Dambe, kuseri kwa Kapiri. Analinso wankhonya. Pa nthawiyo anali ndi zaka 36, msinkhu umene ankhonya ambiri amakhala atasiya kale, ndipo panali patatha zaka zinayi asanakwere m'bwalo. Tsiku lina wokonza nkhonya wa ku Chipata anamuimbira foni kuti akufuna Mmalawi wa gulu la makilo 61. Lamulo linali limodzi: ankhonya onse akayezedwe Lachisanu 4 koloko isanakwane, ndipo wopitirira makilo a gulu lake sadzamenya Loweruka.

Esinati sanakondwe nazo, koma anadziwa kuti sangamuletse. Anandiitana ine.

"Achimwene, mupite nawo," anatero. "Inu ndi amene amakumverani. Zikakavuta mukawabweze. Ndikufuna abwere monga mmene apitira."

Ndinavomera mosavuta, chifukwa inenso ndinkakhulupirira kuti amandimvera.

Tinadzuka Lachisanu m'mamawa, kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likutuluka kale ndi ukali. Tisanakwere galimoto tinadzera pa mtengo wa mango pamene venda wina, Bonifasi, amagulira mbewu. Sikelo yake ndi ya mbedza, yopachika pa nthambi. Kwa miyezi iwiri Yelemiya ankabwera pamenepo m'mawa uliwonse, kulowa m'thumba lopanda kanthu, Bonifasi n'kukoloweka thumbalo ku mbedza. Tsikulo anachitanso chimodzimodzi. Anapinda mawondo m'thumba muja ngati mwana wa mbuzi wopita ku msika, muvi wa sikelo n'kugwedezeka, n'kuima pa makilo 60 ndi theka.

"Mwapepuka ngati nkhuku, akatswiri," anatero Bonifasi. "Mukatimenyere Mzambiayo."

Yelemiya anali asanamwe madzi kuyambira masana a dzulo lake, pofuna kusunga theka la kilo limeneli. Ine ndinaima pambali, ndinauona muvi uja ndi maso anga, ndipo sindinafunse funso lililonse.

Minibasi ya ku Kamwendo inatenga maola awiri kuti idzaze. Inkalira injini, n'kusuntha pang'ono ngati ikunyamuka, n'kubwereranso pamalo pomwepo. Titakhala pa mpando wachitatu, magolovesi a Yelemiya anatulukira pa chikwama chimene zipi yake inafa kalekale, ndipo mkulu wina wa chipewa cha nsalu amene anakhala kutsogolo kwathu anawaona. Anali a Tembo, amene anatiuza okha kuti anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Zambia ali mnyamata.

"Nkhonya zinatha, mwana wanga," anatero a Tembo. "Zinapita ndi Njanji."

Njanji anali wankhonya wa gulu la olemera, wa m'migodi momwemo, amene okalamba a kuno amamutchulabe. Kondakitala, bambo wamfupi wa mawu osasa, sanalole kuti mawuwo adutse.

"Njanji anali thumba la chimanga lokhala ndi manja, madala. Katswiri anali Kachiwala wa ku Zomba. Munthu wochepa ngati ineyo, koma ukamuponyera chibakera umapeza wamenya mphepo."

"Kachiwala wakoyo Njanji akanamunyamula ndi dzanja limodzi n'kumuika m'thumba la malaya."

"Akanamugwira bwanji? Mutu ukakula sulewa nkhonya, madala. Wa Njanji unali ngati dzungu."

Minibasi yonse inaseka. Anthu awiriwa, Njanji ndi Kachiwala, sanakumanepo. Anamenya nkhonya m'zaka zosiyana, m'mayiko osiyana, ndipo kulemera kwawo kunkasiyana ndi makilo oposa makumi awiri. M'galimotomo munalibe munthu amene anawaona onse awiri, ndipo ndikukayika ngati a Tembo anamuonadi ngakhale mmodziyo. Koma mkangano wotere umakoma pa chifukwa chomwecho: palibe tsiku limene udzaweruzidwe, choncho aliyense amalankhula mopanda mantha.

Tinanyamuka 9 koloko itadutsa. Tinayenda bwino mpaka kulowa m'dera la Zulu, kutatsala makilomita ngati khumi kuti tifike pa Kamwendo. Pamenepo kunamveka kulira ngati kwa chikwapu pansi pa mpando wa dalaivala, fungo la mphira wopsa n'kudzaza m'galimoto. Lamba wa injini anali ataduka. Tinatsika tonse n'kukhala pansi pa mtengo wa mthethe umene mthunzi wake unali wongoyerekeza. Kondakitala anakwera kabaza kupita ku Kamwendo kukafuna lamba wina.

Magalimoto ankadutsa, koma onse odzaza. Imodzi inaima, inali ndi malo a munthu mmodzi, ndipo Yelemiya anakana kundisiya. Nthawi inali idakalipo, tinatero tonse.

Kondakitala atachoka, Kachiwala anatsala wopanda womuikira kumbuyo, ndipo a Tembo anayamba kumupondaponda mosaletsedwa. Apa ndi pamene ndinalowerera, ndipo ndiyenera kufotokoza mwatsatanetsatane zimene ndinanena, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Poyamba ndinalankhula mosamala. Ndinati poyerekeza ankhonya a magulu osiyana, funso loyenera ndi lakuti ndani akanapambana akanakhala olemera mofanana. Pa muyezo umenewo, luso la Kachiwala likanaposa mphamvu za Njanji.

"Akanakhala, akanakhala," anandidula a Tembo. "Aphunzitsi, m'bwalo simulowa akanakhala. Mumalowa anthu ndi matupi awo. Nenani poyera: Kachiwala mmene analili, Njanji mmene analili, ndani akugona pansi?"

Anthu anaseka, ndipo ankaseka ine. Sindikonda kusekedwa pa nkhani ya kuganiza. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi. Ndinawafotokozera kuti mphamvu ya chinthu chothamanga imachokera ku kulemera kwake ndi ku liwiro lake, koma liwiro ndi limene lili ndi gawo lalikulu: kulemera kukawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kawiri, pamene liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Ndinamaliza ndi mawu akuti munthu wopepuka wa liwiro ndi nzeru angathe kugwetsa wolemera aliyense, ndipo Kachiwala, mmene analili, akanamugwetsa Njanji.

Zimene ndinalemba pa dothi zinali zoona. Zimene ndinasiya osanena zinalinso zoona: chibakera chimene chaponyedwa chimakafika pa mutu wa munthu, ndipo mutu wokhala pa khosi lalikulu sugwedezeka mofanana ndi wokhala pa khosi laling'ono. Ndinazisiya dala chifukwa zikanafooketsa mfundo yanga. A Tembo anang'ung'udza kuti masamu samenya nkhonya, koma anthu anali atabwerera mbali yanga. Yelemiya, amene sankalankhula pofuna kusunga malovu, anandiyang'ana ndi ulemu umene mpaka lero umandichititsa manyazi.

Pafupi nafe panakhala mayi wina, a Nangozo, amene ankapita kukaona mwana wawo ku Boma. Anatulutsa chigubu cha madzi n'kumupatsa Yelemiya. Iye anakana mwaulemu, n'kufotokoza za makilo 61.

"Nanga mukudziwa bwanji kuti mwakwana?" anafunsa mayiwo.

"Ndayeza m'mawa womwe uno, mayi. 60 ndi theka."

"Kuchipatala?"

"Ayi, pa Kapiri pomwepo. Kwa Bonifasi."

A Nangozo anaika chigubu pansi. Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira ataona nkhope yake.

"Bambo inu, sikelo ya Bonifasi? Ife a kalabu ya mtedza tili ndi sikelo yathu. Thumba limene kwathu limakwana makilo 50, likafika pa mbedza ya Bonifasi limasanduka 47 ndi theka. Chaka ndi chaka. Inu simulima kodi?"

"Ndimalima, mayi."

"Ndiye simudziwa kuti sikelo ya venda imadya?"

Ankadziwa. Aliyense wa kwa Dambe amadziwa, ndipo ine ndemwe ndinamumvapo Yelemiya akudandaula za sikelo yomweyo pa nthawi yogulitsa soya. Koma m'maganizo mwake sikeloyo inkaba matumba. Sanaganizepo kuti bodza lomwelo lingagwirenso munthu wolowa m'thumba. Bodza limene linkamuwawa pogulitsa linkamusangalatsa poyezedwa, ndipo munthu safufuza nkhani imene yamukomera. Ndinawerengera mumtima mwachangu. Ngati 50 imaoneka 47 ndi theka, ndiye kuti 60 ndi theka inali pafupifupi 64.

"Alamu, ndi zingati?" anandifunsa.

"Mwapitirira ndi makilo ngati atatu."

Nthawi inali 11 koloko. Yelemiya anaimirira. Anapita pa kagolosale kamene kanali kutsidya kwa msewu n'kubwerako ndi majumbo akuda akuluakulu. Anawaboola, anawavala pathupi ngati malaya, pamwamba pake n'kuvala juzi ndi jekete. Kenako anayamba kuthamanga m'mbali mwa phula, kuchokera pa minibasi kukafika pa mlatho waung'ono umene unali chapatali, n'kubwereranso.

Ndimadziwa zimene zimachitika m'thupi la munthu amene watha tsiku lathunthu osamwa madzi n'kumathamanga pa dzuwa la Okutobala atavala pulasitiki. Ndimaphunzitsa zimenezi. Atabwera ulendo wachitatu ndinamuimirira kutsogolo n'kumuuza kuti impso sizidziwa za nkhonya, ndipo makilo atatu sangachoke pa maola asanu. Anandizungulira ngati chitsa n'kupitiriza.

Poyamba anthu ankamuchemerera. "Nyundo ya Kapiri!" ankatero achinyamata ena, potchula dzina lake la m'bwalo. Pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi palibe amene ankachemereranso. Thukuta linkatsika m'manja mwa jekete n'kudontha pa zala. A Nangozo ananyowetsa nsonga ya chitenje n'kumamuika pa khosi akadutsa, uku akudziimba mlandu chapansipansi kuti bola akanangokhala chete za sikelo ija. A Tembo anavula chipewa n'kuchigwira m'manja.

Kondakitala anabwera 12 koloko ndi lamba wamfupi. Anakanganapo ndi dalaivala, n'kukweranso kabaza yomweyo. Anabweranso 1 koloko itadutsa. Pamene injini inkalira, Yelemiya anali atasiya kutuluka thukuta, chinthu chimene chinandiopsa kuposa thukuta lenilenilo.

Pa Kamwendo tinasintha galimoto. Pa Boma tinasinthanso, n'kukwera kagalimoto kopita ku chipata cha Mwami, anthu asanu ndi awiri pa mipando ya anthu anayi. Yelemiya ankatafuna chingamu n'kumayesa kulavulira m'kabotolo kuti apepukeko, koma munkagwa thovu lokha. Pa chipata tinapeza mzere wa amalonda ndi katundu wawo, ndipo panalibe chochita koma kuima. Ndinawerenga anthu amene anali patsogolo pathu, ndinawerenga mphindi zimene munthu mmodzi ankatha pa zenera, ndinachulukitsa, ndipo yankho lake silinafupikitse mzerewo ndi munthu ngakhale mmodzi. Mlamu wanga anatsamira khoma, milomo itang'ambika, maso atalowa. Mapepala athu anadindidwa 3 koloko itapitirira. Kutsidya tinadikiranso kuti takisi idzaze.

Tinafika ku Chipata kutatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane. Ankayezera m'chipinda cha kuseri kwa malo ena ogona alendo, pa sikelo ya magetsi yoika pansi. Yelemiya anavula zonse n'kutsala ndi kabudula wamkati. Manambala anathamanga n'kuima: 62.9. Pa maola asanu aja anachotsa pafupifupi kilo imodzi. Anatsika, anapuma mpweya wonse kunja ngati ungamupepule, n'kukweranso. 62.9.

Mphunzitsi wa nkhonya wa mnyamata amene anayenera kumenyana ndi Yelemiya anapukusa mutu n'kutuluka ndi mnyamata wakeyo. Anali ndi ufulu wotero, ndipo ine ndinamva mtima wanga ukutsika, chifukwa ndinaganiza kuti nkhani yatha ndipo ndimubweza mlamu wanga wamanyazi koma wathunthu.

Wokonza nkhonya uja, bambo wonenepa wa mafoni awiri, anatiyandikira.

"Ba Malawi, manje tichite bwanji? Mwabwera kutali." Anakanda chibwano. "Nili na munyamata wa 69, mnzake sanabwere. Ngati mufuna, malo alipo. Maraundi sikisi chabe."

Anatilozera munthu amene anakhala pa benchi akumwa madzi m'botolo lalikulu. Anali wa zaka ngati 24, wamtali kuposa Yelemiya ndi mutu wonse. Makilo 69 amenewo anali a thupi louma. Pofika mawa, atadya ndi kumwa, akanakhala 73 kapena kuposa.

Ndinamukokera Yelemiya panja. Ndinamuuza kuti magulu a kulemera sanaikidwe mwamasewera, anaikidwa chifukwa anthu ankavulala. Ndinamuuza kuti thupi lake lauma, ndipo usiku umodzi sungabwezere madzi onse amene amateteza ubongo ku chibakera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akumwa madzi pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, mawu atasasa, "si inu munalemba pa dothi paja? Munati liwiro limawirikiza kanayi."

"Zija zinali zocheza."

"Ndiye munkanama?"

"Sindinkanama. Koma sindinanene zonse."

"Munati Kachiwala mmene analili. Anthu onse anamva. A Tembo anagonja."

"Kachiwala sanakwere m'bwalo ndi Njanji, alamu. N'chifukwa chake timamutchulabe."

Anayang'ana botolo.

"Mudzi wonse wandiperekeza m'mawa uno. Ndikafike ndikanene kuti chiyani? Kuti Mzambia sanandikhudze n'komwe, ndagonja ndi sikelo ya Bonifasi?"

Ndinaimbira Esinati n'kumufotokozera mwachidule. "Apatseni foni," anatero. Ndinamutambasulira foniyo. Yelemiya anaika manja onse kumbuyo ngati mwana wokana mankhwala, n'kulowa m'chipinda muja. Ndinatsala panja ndi mawu a mlongo wanga m'dzanja, akuitana dzina la mwamuna wake. Pa zenera ndinamuona akuwerama pa tebulo n'kusaina.

Za nkhonyazo ndinena zochepa. Zinachitika Loweruka masana m'holo yotentha ya malata. Maraundi awiri oyamba anali umboni wa zonse zimene ndinalemba pa dothi. Yelemiya ankalowa n'kutuluka mnyamata uja asanaganize, ankamumenya katatu winayo n'kumenya mphepo, ndipo Azambia omwe anayamba kuimba m'manja. Ndikuvomereza kuti inenso ndinaimirira. Koma zibakera zake zinkafika pa thupi lija ngati mvula pa mwala. M'raundi yachitatu miyendo inayamba kuchedwa. M'raundi yachinayi chibakera chimodzi chokha chinamupeza pa khutu la kumanzere. Anagwa chammbali, anadzuka woimbira nkhonya atawerenga kufika pa 8, anayenda molunjika kumene kunalibe munthu, ndipo woimbirayo anamukumbatira n'kuthetsa nkhonyazo.

Tinabwerera Lamulungu. Palibe galimoto imene inawonongeka, pa chipata panalibe mzere, ndipo tinafika ku Kapiri dzuwa lili pamutu. Esinati anatilandira pa msewu. Anamulankhula mwamuna wake ataima ku dzanja lake lamanzere, Yelemiya osatembenuka. Anabwerezanso. Kenako anazungulira mwakachetechete n'kukaima kumanja. Sanandifunse kanthu tsikulo, ndipo sanandifunsepo mpaka lero, ndikanakonda akanandikalipira.

Chaka chino Yelemiya anakagulitsanso soya wake pa mtengo wa mango uja, chifukwa palibe wogula wina amene amafika kufupi ndi mudzi wawo. Akawerama nthawi yaitali pa mzere amamva chizungulire, ndipo Esinati ndi amene amamaliza ndime. Za ulendowo iye sadandaula. Amati maraundi awiri aja anaonetsa poyera kuti Kachiwala akanamugwetsa Njanji, akanangokhala kuti wamwa madzi, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kukawaona amandifunsa kuti nditsimikize, atanditembenuzira khutu lake la kumanja. Sindinamuyankhebe.

Dokotala amene anamuona anati khutu lotere nthawi zina limatseguka lokha, tidikire miyezi isanu ndi umodzi. Mwezi uno ndi wachisanu ndi chinayi.